Usatumizenso Ndalama za Dizilo

Wokondedwa mlongo wanga Nazih,

Landira moni wa kuno kwathu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, iwe ndi mlamu wanga Rima pamodzi ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Ife tilipo, Mulungu akutisunga. Mwamuna wanga Ghassan akupereka moni. Kutentha ndiye kwakana kuchoka, talowa mu Seputembala koma dzuwa likuwotcha ngati pakati pa Julaye, mwezi umene kuno kumatentha koposa.

Kalatayi ndapatsira mwana wa a Srour amene akukwera ndege ya ku Abidjan Lolemba. Pa foni sindikanatha, chifukwa iwe ukangomva mawu oti ababa, mawu ako amayamba kunjenjemera ngati ndiwe wamasiye kale. Ndikudziwanso kuti achibale akuuza zambiri, aliyense ndi mchere wake. Kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho umve kwa mwiniwakene.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Usatumizenso ndalama za dizilo wa injini ya magetsi ya ababa. Werenga mpaka kumapeto usanayambe kunditukwana.

Iwe unachoka kuno usanamere ndevu zenizeni. Zimene umakumbukira n'zakuti ababa ankakunyamula paphewa n'kulowa nawe m'shedi kuti ugwire injini ikunthunthumira. Amene anatsala ndine. Zaka makumi awiri ndi ziwiri injini imeneyi yakhala yokha m'dera lathu. Magetsi a boma amabwera maola awiri patsiku, akafuna. Maola ena onse anali a ababa.

Nyumba iliyonse waya wake, waya aliyense swichi yake pa bolodi lija la pakhoma la shedi, dzina la mwini nyumba litalembedwa pansi pake. Amene analemba mayinawo ndine. Amene ankagwira makwerero ababa ali pamwamba pa mtengo wa magetsi ndine. Koma tauni yonse imawatchula Abu Nazih, bambo a Nazih, ngati ine woyamba kubadwa anachita kunditola pamsika.

Sunawaonepo akutsitsa swichi ya munthu. Sankakalipa ayi. Ankamaliza khofi wawo, kupukuta ndevu, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pa bolodi. Chala chimodzi basi. Ndipo usaganize kuti zinali za olephera kulipira okha. Wina sanawaitane ku ukwati. Wina mwana wake anaimika galimoto pageti pawo. Wina anadutsa akuyankhula pa foni, osapereka moni.

M'mawa mwake munthuyo ankabwera ndi thireyi ya maswiti kudzapepesa. Ankamusiya aime padzuwa mpaka thukuta litadontha pa maswitiwo, kenako n'kukweza swichi. Ankakonda kunena kuti munthu amene sanagonepo mumdima sadziwa kupereka moni. Ine ndinkaseka nawo, sindikukana.

Mu Marichi khonsolo inalengeza kuti dera lililonse litha kukhala ndi ogulitsa magetsi oposa mmodzi, ndipo wogulitsa aliyense aike mita kuti anthu azilipira zimene agwiritsa ntchito. Koma kuti wina apatsidwe chilolezo, pankafunika nyumba makumi asanu zisaine pepala. Anthu ankadandaula mumthunzi tsiku lonse, koma cholembera chikafika aliyense dzanja linkamupweteka.

Woyamba kusaina anali Ghassan. Anandiuza atasaina kale. Nditamufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino, anaseka amvekere: "Ndinakwatira kwa mphenzi ine, ndiope bwanji kung'anima?"

Ababa anamva tsiku lomwelo. Akuti anangoseka, nati mapanga awiri avumbwitsa, asiyeni anyowe. Swichi yathu sanaikhudze. Mwezi unatha, wina unatha. Ine kupusa kwanga ndinkati atichitira chifundo chifukwa ndine mwana wawo. Sindinadziwe kuti akudikira tsiku lokoma.

Mwambo uja ukuukumbuka. Nyumba ikagwa maliro, mwini injini amaiwonjezera mphamvu masiku atatu achipepeso popanda kulipiritsa, kuti mafani azungulire, firiji ipereke madzi ozizira, mawu a wowerenga Korani amveke mpaka kumsewu. Ababa ankanyadira mwambo umenewu kuposa china chilichonse. Ngakhale mdani wawo akamwalira, ankakwera okha pamtengo kukaika waya wamkulu.

Apongozi anga, bambo a Ghassan, a Hajj Tawfiq, anamwalira pa 9 Julaye m'mawa, ndipo tinawaika masana. Amuna anakhala pansi pa tenti pamsewu, ife azimayi m'chipinda chapamwamba, anthu odzaza mpaka pamasitepe. Shehe ali pakati pa kuwerenga, mawu anangoti zii. Mafani anazungulira kawiri katatu n'kuima. Nditasuzumira pazenera ndinaona kwa aneba zonse zikuyenda.

Ndinathamanga ndi zovala zanga zakuda, poganiza kuti swichi yagwa yokha chifukwa cha kuchuluka kwa mafani. Ndinawapeza atakhala pampando wawo pakhomo pa shedi, akudya chivwende. Swichi yathu inali pansi, maswichi ena onse ali m'mwamba.

Ndinagwada, Nazih. Pafumbi, anthu akuona. Ndinati ababa, m'mwambamo muli azimayi okalamba, apongozi anga aakazi ali ndi matenda a shuga. Analavula njere n'kundiuza kuti ndipite ndikauze amuna anga akapemphe magetsi kwa pepala lawo lija. Ndinati koma ndine mwana wanu. Anandiyang'ana bwinobwino, amvekere: "Mwana wanga ali ku Abidjan."

Masiku atatu onse tinakhala choncho. Palibe neba amene analimba mtima kutiponyera chingwe, chifukwa aliyense ankaganizira firiji yake. Tsiku lachiwiri apongozi aakazi anakomoka, tinathamangira nawo kuchipatala ku Saida, ndipo maliro a amuna awo anawamalizira pabedi la chipatala. Alendo ochokera kumudzi kwa Ghassan ankadzikupiza ndi makatoni, akunong'onezana kuti kodi uyu si mkamwini wa mwini magetsi?

Ghassan sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Bola akananditukwana. Ankangondipatsa madzi ofunda m'kapu n'kunena kuti imwa, Wadad. Tsiku lachitatu mipando itachotsedwa, mlendo womaliza atapita, mafani anayamba kuzungulira okha ngati palibe chachitika.

Sabata isanathe pepala lija linali ndi mayina opitirira makumi asanu ndi atatu. Chilolezo chinapita kwa bambo wina wa ku Saida dzina lake Imad. Anayala masola padenga la fakitale yakale ya sopo ija, n'kuika mabatire ndi kainjini kakang'ono kothandizira dzuwa likalowa. Mtengo wake unali wotsika, mita yake yoona. Koma anakhala milungu iwiri akuthamangitsa ntchentche mu ofesi.

Kusaina pepala ndi kwina, kutsitsa waya wa Abu Nazih masana dzuwa likuswa mtengo ndi kwinanso. Aliyense ankati Imad akalephera, ndidzabwerera ndi nkhope yanji? Komanso Imad mwini sankadziwa kuti waya uyu akupita kuti. Ukudziwa mmene mawaya alili pamitengo yathu, ngati ulusi umene mphaka waseweretsa.

Apa ndiye pali kuulula kwanga. Amene anapita kwa Imad ndine. Palibe anandituma, ngakhale Ghassan sanadziwe poyamba.

Ndinamuuza kuti waya aliyense m'derali ndimamudziwa ngati zala zanga. Ndinamuuzanso kuti asatsitse waya wakale pamtengo. Amudule m'kati mwa nyumba, n'kumusiya akulendewera panja monga mwa masiku onse. Ababa salowa m'nyumba za anthu. Amayang'ana bolodi. Swichi ikakhala m'mwamba, kwa iwo ndiye kuti munthuyo akadali m'manja mwawo.

Amuna sindinataye nawo nthawi. Ndinkayenda m'mawa pa khofi wa azimayi, khomo ndi khomo. Mayi wina wa pangodya anandifunsa ngati ababa sanandituma kudzawayesa. Ndinamukumbutsa kuti anandiona nditagwada pafumbi. Pamenepo amvekere: "Amuna athu akudikira kuti wina ayambe. Ife tatopa kutaya nyama yowola. Imad abwere mawa amuna anga ali kuntchito."

Tinayamba mwezi wa Ogasiti utangoyamba, anthu atapereka kale ndalama za ababa, kuti iwo asaone kusiyana. Injini inayamba kulira mopepuka, utsi unachepa. Ukudziwa zimene ababa ananena? Anayenda msika wonse akutama makaniko wawo watsopano, kuti mnyamata wa manja ameneyu waibwezera injini ku utsikana wake.

Milungu itatu, nyumba zonse za m'derali zinasamuka, masitolo omwe. Inatsala imodzi, ya ababa.

Imad si munthu woipa. Anafuna kupita kukawauza ababa mwaulemu, awiriwiri. Anati angathe kugula injini yawoyo kuti izithandiza nyengo ya mitambo, iwo n'kumaiyang'anira, dzina lawo osagwa. Ndinakana. Ndinamuuza kuti akangoponda pakhomo pa shedi, azimayi onse amene ndamubweretsera ndiwatenganso. Ndinkafuna anthu aone, monga anaonera ine.

Ukumukumbuka Samih wometa, amene shopu yake inayang'anizana ndi shedi? Palibe amene swichi yake inatsitsidwa kambirimbiri kuposa iye, chifukwa pakamwa pake sipatsekeka. Ndinamupempha kanthu kamodzi, ndipo sanadikire kuti ndimalize.

Lachisanu lomaliza la Ogasiti, anthu akutuluka mu mzikiti, ababa ankadutsa ndi ndodo yawo. Samih anali ndi kasitomala pampando, mutu utametedwa mbali imodzi. Sanaimirire, sanapereke moni. Anangokuwa kuti: "Abu Nazih, paja mumameta kuti masiku ano? Mutuwo ngati yabudula mbuzi!"

Ababa anamwetulira. Ndimakudziwa kumwetulira kumeneko. Anatembenuka n'kuyamba ulendo wawo uja wa pang'onopang'ono, ndipo anthu anawatsatira, oposa amene anali mu mzikiti. Azimayi anali atadzaza kale m'makonde. Ine ndinaima pasitepe ya ophika buledi, pamene ndinkaona bolodi lonse.

Anakweza chala. Anatsitsa swichi ya Samih.

Makina ometera anapitiriza kulira. Samih anawakweza m'mwamba kuti aliyense amve, amvekere: "Mwina chala chatopa, Abu Nazih. Yesaninso, ife sitikuthamanga."

Anaikweza, anaitsitsanso. Anaiyang'ana pafupi ngati dzina lalakwika. Anatsitsa ya ophika buledi, makina okanda ufa anapitiriza kumbuyo kwangaku. Anatsitsa ya sitolo ya pangodya, firiji ya zakumwa inangowala. Kenako anasiya chala n'kuyamba ndi chikhatho, mzere ndi mzere, ndodo itagwa pansi. Pomaliza anagwira chitsulo chachikulu chija chozimitsira dera lonse ndi manja awiri n'kuchikokera pansi.

Mawailesi ankayimba, mafani ankazungulira, msewu wonse unali moyo. Chinthu chimodzi chokha chinaima: fani ya pakhonde la nyumba yawo, pamwamba pa shedi. Anthu onse anaiona ikuchedwa mpaka kuima.

Kuseka kunayambira kwa azimayi m'makonde, kenako kunatsika mumsewu. Wina anaomba m'manja. Ababa sanayang'ane Samih. Anayendetsa maso pagulu lonselo mpaka anandipeza, chifukwa ankadziwa kuti ndi munthu mmodzi yekha amene akanatha kumasula mawaya awo. Sindinagwetse nkhope.

Ndinasangalala, Nazih. Sindikubisira. Ndinapita kunyumba, ndinaphika mpunga wa nkhuku, ndinadya mbale ziwiri. Chimwalirireni apongozi ndinali ndisanamve kukoma kwa chakudya.

Zimene akuchita tsopano ndi zimene sakuuza pa foni. Gulu litabalalika anakweza maswichi onse, imodziimodzi. M'mawa uliwonse amailiza injini yaikulu ija, yotha kuyatsa dera lonse, kuti iyendetse fani imodzi, babu limodzi ndi kutchaja foni yawo. Amakhala pampando kuyang'ana bolodi la mayina a anthu amene anachoka kalekale. Ku mzikiti anasiya. Anthu amadutsa osapereka moni, kupatula Samih amene amawapatsa moni wokuwa kawiri patsiku.

Iwe akakuuza kuti bizinesi yavuta pang'ono, dizilo wakwera, tumizako kangachepe, dziwa kuti palibe bizinesi. Thukuta lako la ku Abidjan likusanduka utsi kuti nkhalamba imodzi iziganiza kuti ikadali mfumu.

Imad anandilemba ntchito mu ofesi yake. Aliyense wofuna magetsi amabwera m'mawa, amaima pamzere, amatchula dzina lake, ine n'kulemba. Kawiri konse Imad wandipempha kuti tingowalumikiza achikulirewa mwakachetechete, mwaulere, nkhani ithe. Kawiri konse ndamuuza kuti lamulo la ofesi ndi limodzi kwa onse.

Lachiwiri lapitali ababa anabwera pageti panga. Masana, atavala jekete lawo la pa Eid m'kutentha konseku, atanyamula thireyi ya maswiti a ku Saida. Analiza belu. Ndinawaona pazenera la pamwamba, ndipo ndinakhala pomwepo.

Awonda, usanamizidwe. Thalauzi likuchita kulendewera, lamba anaboola bowo lina. Ghassan anabwera kumbuyo kwanga n'kunena chapansipansi kuti: "Tsegula, Wadad, zakwana. Bambo anga anapita, awa akadalipo." Ndinamuuza kuti akatsegula getilo, ine nditulukira khomo lakumbuyo ndipo sadzandionanso.

Anaima pafupifupi ola lathunthu. Sanalizenso belu kachiwiri. Aneba ankasuzumira. Pomaliza ndinatsegula zenera n'kuwauza kuti ofesi imatsegulidwa eyiti koloko, ndipo mzere umayambira pa mpopi wa madzi. Anayang'ana m'mwamba. Anaika thireyi pasitepe n'kubwerera. Maswitiwo ndinatumiza kwa Samih kuti agawire makasitomala.

Mwina ukuti anabwera kudzapepesa, ndinafunanso chiyani? Anabwera masana a tsiku la ntchito, nthawi imene msewu umakhala wopanda anthu. Ankafuna kupepesa monong'ona, chitseko chitatsekedwa. Ine sanandichititse manyazi monong'ona.

Chimene ndikufuna ndi ichi. Abwere ku ofesi, aime kumbuyo kwa amene wawapeza. Akafika pa tebulo langa atchule dzina lawo, anene kuti ndikupempha magetsi. Apongozi anga aakazi adzakhala pampando pambali panga kuti amve ndi makutu awo. Akatero, tsiku lomwelo ndidzagwira makwerero ndekha, waya adzalowa m'nyumba mwawo dzuwa lisanalowe. Ndidzawaphikira, ndidzawachapira, ndidzawasamala mpaka Mulungu atawaitana.

Koma bola thanki ili ndi dizilo, sabwera. Amene akuwaletsa kubwera ndiwe.

Usandiuze za adokotala. Ndikudziwa kuti mtima wawo sugwirizana ndi kutentha, mankhwala awo ndinkagula ndine. Ndikudziwanso kuti mwina dizilo atatha adzasankha kukhala m'chipinda chotentha chija kusiyana ndi kuima pamzere. Ndaganizira zimenezi masiku ambiri, ndikuphika, ndikupemphera, ndipo maganizo anga sanasinthe.

Unena kuti ndauma mtima, kuti ndasanduka iwo. Mwina n'zoona. Nanga anandiphunzitsa ndani? Iwe anakupatsa tikiti ya ndege ndi madalitso. Ine anandisiya pambali pa bolodi zaka makumi awiri kuti ndizionerera.

Ukatumiza ndalamazo sindikuletsa, ndi zako. Koma udziwe kuti wasankha. Chipinda chija chimene ana ako amagona akabwera kutchuthi chidzakhala chotseka, ndipo ukadzatsika ndege upite molunjika ku shedi, mukakhale awiri kumvera injini. Ndiwe mwana wawo, anatero okha.

Kiyi wa shedi ndikadali naye. Dzulo ababa atapita kukagula buledi ndinalowa, ndinaviika ndodo mu thanki. Dizilo amene alimo afika Lachinayi, osapitirira.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Rima, umuuze kuti nsalu ija anatumiza ndinasoketsa ndipo yandikhala. Upsompsone ana pamphumi, uwauze kuti azakhali awo amawakonda. Moni kwa amalume a Rima ndi onse akwathu amene mumakumana nawo Lachisanu. Mulungu akupatse thanzi, akutsegulire makomo a malonda, akusunge kutali ndi maso oipa.

Ukawaimbira Loweruka n'kupeza foni yawo yothima, usafulumire kuganiza zoopsa. Foni nayo imadya magetsi.

Ndine mlongo wako,
Wadad